Tebulo la Kumanzere

Kuntchito kwathu kuli lamulo limodzi limene silinalembedwe paliponse, koma ngakhale abwana eni ake amalitsata. Chilichonse chimene chaikidwa pa tebulo la kumanzere kwa makina odulira mapepala n'cha a Mpeni. Safunsa kuti waika ndani, safunsa kuti n'chandani. Amachitenga, amachigogoda kuti chilingane, n'kuchilowetsa pansi pa chitsulo. Ine ndimasoka mabuku pa tebulo loyang'anizana ndi lawo, chaka chino n'cha khumi ndi chisanu ndi chinayi, ndipo lamulo limeneli ndimalidziwa kuposa nambala ya foni yanga.

Dzina lawo lenileni limangopezeka pa chiphaso. Tonse timati a Mpeni, moti ngakhale akazi awo akabwera kudzatenga kiyi wa kunyumba amaima pakhomo n'kufunsa kuti, "A Mpeni alipo?" Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo khutu lakumanja linagontha kalekale ndi phokoso la makina osindikizira. Analowa pano ali ndi zaka makumi awiri, tsopano mutu uli mbuu. Munthu watsopano akayamba ntchito samupatsa moni wautali. Amangotambasula manja onse awiri n'kunena kuti, "Werenga." Zala khumi, zonse zilipo. Kwa munthu amene wakhala zaka makumi atatu pafupi ndi chitsulo chodula mapepala mazana asanu kamodzi, imeneyo ndiye satifiketi yake.

Kudula amadziwa, ndisaname. Mpeni amanola okha Lachisanu lililonse ndipo salola wina kuukhudza. Buku likachoka m'manja mwawo, m'mphepete mwake mumasalala ngati galasi. Matenda amenewa amapita nawo ndi kunyumba komwe. Ana awo atatu, onse aakazi, anakula ndi makope odulidwa bwino kuposa a aphunzitsi awo. Akazi awo anandiuza kuti kutchalitchi bamboyu amayendetsa chala m'mphepete mwa buku la nyimbo n'kumapukusa mutu anzawo akuimba.

Koma chimene amanyadira kwambiri n'chakuti satsegula zimene akudula. Pa makina awo padutsa mapepala a mayeso, zikalata za kukhoti, makadi a ukwati wa bambo wina amene mkazi wake woyamba sankadziwa kanthu. Iwo sanaonepo ngakhale liwu limodzi.

"Za eni sindiwerenga," amatero. "Ine ndimaona m'mphepete basi."

Abwana amawakhulupirira chifukwa cha zimenezi. Inenso ndinkawalemekeza pa chifukwa chomwecho, mpaka tsiku limene ndinalakalaka akanakhala okonda za eni ngati ife tonse.

Pafupi ndi ife pali koleji yophunzitsa zojambula ndi kakonzedwe ka mabuku. Chaka chikamatha, ana a chaka chomaliza amayenera kupanga buku limodzi la nzeru zawozawo, ndiye amatidzadzira m'shopu ndi zinthu zoti umadzifunsa kuti ana amenewa amalota chiyani. Wina anabwera ndi buku lozungulira ngati mbale. Wina anafuna bowo lodutsa masamba onse, akuti kuti wowerenga aziona mapeto akadali koyambirira. Mtsikana wina anakuta lake ndi chubu cha tayala la njinga, shopu yonse n'kununkha mphira sabata yathunthu. Panalinso lina loti iwe uyambire kutsogolo, mnzako ayambire kumbuyo, mukakumane pakati. A Mpeni ankawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Buku lili ndi ngodya zinayi, a digiri," ankatero. Onse amawatchula kuti a digiri. "Makolo anu akudziwa kuti mukuboola mabuku?"

Ana ankaseka, koma ankabwerabe, chifukwa a Mpeni amanyoza kaye kenako n'kuboola bowo losapatuka ngakhale pang'ono.

Chaka chathachi mmodzi wa a digiriwo anali mwana wanga wamkazi. Sindinamubereke ine, ndi wa malemu mng'ono wanga, koma kuyambira ali ndi zaka khumi ndi zitatu wakulira m'nyumba mwanga. Mayi ake anali telala. Ankadula mapatani a zovala pa mapepala akhaki, ndipo popeza kope analibe nalo ntchito, ankalemba pa mapepala omwewo miyeso ya makasitomala, tsiku lodzatenga, ndi zina zimene sakanatha kuwauza pamaso. "Mayi wa kufamase, chiuno 38, iwo akuti 34." Mng'ono wanga anali choncho. Atamwalira, mashini inapita kwa ena, nsalu tinagawana, koma mapepala makumi awiri ndi anayi mwanayo anawabisa pansi pa matiresi. Zithunzi za mayi ake zilipo zambiri. Zolemba za dzanja lake zinatsala pa mapepala amenewo pokha.

Nzeru ya mwanayo pa buku lake inali iyi. Pepala lililonse analipinda pakati, zolemba za mayi ake n'kukhala mkati. Kunja anadindako zithunzi za madiresi ndi mawu a iye mwini ochepa. Mbali yotseguka ndi imene ndinayenera kusokera kumsana kwa buku, yopindidwa ija n'kukhala kunja, kumene timatsegulira. Tsamba lililonse linali ngati mkono wa malaya. Kuti uone zimene telala analemba, unayenera kusuzumira kumwamba kapena kumunsi.

"Amayi sankaonetsa anthu zimenezi," anandifotokozera atabweretsa mapepalawo. "Wofuna kuwerenga avutikeko pang'ono."

Kenako anandigwira dzanja. "Amayi aakulu, bukuli lisadulidwe. Akadula m'mphepetemu ndiye kuti adula pakati penipeni pa zolemba."

"Ndamva."

"Lisayandikire n'komwe kwa a Mpeni."

"Iwe, ndinayamba kusoka mabuku iwe ukuyenda ndi mamina. Ndamva!"

Ananenanso kachitatu ali pakhomo, ine n'kumuthamangitsa ndi dzanja.

Tsiku lopereka linali Lachitatu, 3 koloko masana, ndipo tinagwirizana kuti adzalitenga 1 koloko. M'mawa umenewo ndinamaliza kusoka, ndinapaka guluu kumsana, kunangotsala kumata chikuto. Kunja kunali chinyezi, guluu sankauma. Ndinapemerera ndi katoni mpaka dzanja kutopa. Kenako dzuwa linatuluka, linalowa pa windo n'kugwera pamalo amodzi okha m'chipinda chonse, pa tebulo la kumanzere. A Mpeni anali atatuluka kukathandiza kutsitsa mapepala m'galimoto. Ndinati mphindi zisanu zokha. Ndinaliika pamenepo, lopanda chikuto, m'mphepete muli mosalingana, ndendende mmene buku limaonekera likamadikira kudulidwa. Nthawi yomweyo abwana anandiitana kutsogolo kuti ndimve madandaulo a mayi wina amene buku lake la mapemphero linathothoka masamba.

Mayiyo anali ndi mawu ambiri. Anayambira pa tsiku limene analigula, anadutsa pa maliro a apongozi ake, bukulo osafikako. Ndili mkati mogwedeza mutu, ndinamva makina akulira kuseri. Chopanira mapepala chinatsika, kenako mpeni, khu! Phokoso limenelo ndimalimva kambirimbiri pa tsiku, koma ulendo uno ndinadziwa chimene chadulidwa. Ndinamusiya mayi uja pakamwa pali yasa.

Ndinawapeza a Mpeni atalitembenuza kale bukulo kuti adule kumutu.

"Imani! A Mpeni, imani!"

Ndinali kumbali ya khutu logontha. Manja awo onse awiri anali akupita pa mabatani. Ndinawakoka malaya mwamphamvu moti anadzandira n'kugubuduza bokosi limene mumagwera zodulidwa. Anacheuka maso ali psu, chifukwa munthu sagwidwa ali pa makina.

"Mwapenga, mayi?"

Ndinasolola bukulo. M'mphepete munali mosalala bwino, ntchito yosanyozeka. Masamba onse anali atatseguka, ndipo pakati pa mzere uliwonse wa mng'ono wanga panasowa kachigawo kotambalala ngati chala.

Ndinakhala pa katoni. Ndinawakalipira, ndisabise. Ndinati ndi munthu wanji wosayang'ana, wodula ngati iwowo ndiwo makinawo. Ndinati zala khumi zili ndi phindu lanji maso akakhala osagwira ntchito. Ndinanena zambiri, ndipo ndikunena choncho ndinkadziwa kuti mawu onsewo mwini wake ndine.

Anandisiya ndimalize. Kenako anafunsa motsitsa mawu. "Linali pati?"

"Kumanzere."

"Anaika ndani?"

"Ine."

Ndinawauza za mng'ono wanga, za matiresi, za 3 koloko. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa 10 koloko. Anazimitsa makina, chinthu chimene sachita ntchito isanathe, n'kugwada pa mulu wa zodulidwa umene unamwazika pansi.

"Mpeni wanga sudya pepala," anatero ali chogwada. "Umangolekanitsa. Zonse zili pompano."

Zinalipodi. Koma tsoka lake, m'mawa umenewo anali atadula mapepala akhaki okutira makope a sukulu ina, mitolo isanu ndi umodzi, ndipo bokosi limene ndinawagubuduzitsa lija linasakaniza zonse. Pansi panali tizidutswa takhaki tosawerengeka, tonse tofanana. Tathu tinkasiyana pa chinthu chimodzi chokha. Tinali topindika, ndipo ukatitambasula mkati munali inki yabuluu. Tinawola mulu wonse n'kuika pa tebulo langa, n'kuyamba kutola kamodzikamodzi. Abwana anasuzumira, anaona makina ozima ndi anthu awiri a imvi akufufuza m'zinyalala. Anatsegula pakamwa, a Mpeni n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi. Abwana anabwerera kutsogolo.

Pofika 11 koloko tinali titapeza makumi awiri ndi titatu. Apo ndiye panabwera vuto lina. Kachidutswa kati n'ka tsamba liti? Theka la liwu linali kumanzere, theka kumanja, pakati pake pali pa kachidutswa. Kuti udziwe malo ake unayenera kuwerenga. Ine maso anali atadzaza misozi, zilembo za mng'ono wanga zikungosambira. A Mpeni anapukuta magalasi ndi epuloni n'kukhala pa mpando wanga.

"Mundikhululukire, lero ndiwerenga za eni," anatero. Sanayang'ane ine. Ndikukhulupirira kuti ankauza malemuyo.

Kuwerenga kwawo n'kwapang'onopang'ono, milomo imagwedera kaye liwu lisanatuluke. "Mkazi wa dalaivala. Mikono yaitali. Asaone mwamuna wake." Ankayesa kachidutswa aka, kukana, n'kuyesa kena. Kakafika pamalo pake zilembo zinkakumana ndendende, popanda ngakhale mchira wa chilembo wosowa. Apo ndinathokoza Malachisanu onse amene ndinkawaseka akunola chitsulo chawocho. Ine ndinkamata kunja ndi kapepala kopyapyala koonekera, mzere uku ndi mzere uku, n'kupsinja ndi chitsulo cholemera.

"Mlonda wa kubanki, thalauza. Mwendo wina n'ngwaufupi, osamuuza." Anaima n'kuseka pang'ono m'mphuno. "Anali wanthabwala mng'ono wanuyu."

"Fulumirani, a Mpeni."

"Ndikafulumira ndiika chiuno cha wina pa mapewa a wina."

Wotchi sinatimvere chisoni. Pa 12 koloko tinali pa tsamba la khumi ndi chimodzi. Thukuta linali kamukamu, ndipo chitseko chakutsogolo chikangolira ndinkacheuka. Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti 1 koloko ikwane, tinamaliza la makumi awiri ndi atatu. Zipsera zinkaoneka, mizere iwiri pa tsamba lililonse, koma zolemba zinali zitalumikizana ndipo masamba anatsekekanso ngati mikono ya malaya.

Tsamba lomaliza linalibe kachidutswa kake. Tinabwerezanso mulu wonse. Tinasesa pansi, tinakhuthula matumba a epuloni, ine ndinavula ndi nsapato zomwe. A Mpeni anakwawira pansi pa makina ndi tochi ya foni yanga, anatuluka ali fumbi lokhalokha, m'manja mulibe kanthu. Ndipo pa masamba onsewo linali lomwelo limene ndinkaliopa, patani ya yunifolomu yoyamba ya mwanayo, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Tiikepo kachidutswa kopanda zolemba," ndinatero. "Khaki ndi khaki. Lero ali ndi zambiri m'mutu, sasuzumira mkati."

"Ayi."

"A Mpeni, akapereke kaye. Ndidzamuuza mawa."

"Ayi, mayi. Kudula ndadula. Kunama sindinama."

Ndinafuna kuwayankha, koma chitseko chinalira. Mwanayo analowa atavala bulauzi yoyera imene ndinamusitira dzulo lake, nkhope ili ngwee. Anaona makina ozima, zinyalala pa tebulo langa, nsapato zanga zili padera. Kumwetulira kunatha.

A Mpeni anaimirira n'kuvula kapu yawo. "Mwanawe, buku lako ndadula ndine."

Nkhani ikanathera pomwepo, ndipo kwa kamphindi ndinafuna ithere pomwepo. Manyazi a kamphindi kameneko ndimawamva mpaka lero.

"Amene anaika kumanzere ndine," ndinatero.

Mwanayo sanalire. Bola akanalira. Anatenga bukulo, anayendetsa chala pa zipsera, tsamba ndi tsamba, akusuzumira mkati mwa lililonse. Anafika pa lomaliza, limene linali lotseguka, pakati pali mpata.

"Mawu ake ukuwadziwa pamtima," ndinayesa. "Tikhoza kuikapo pepala, iwe n'kulembapo."

"Mawu ndikuwadziwa. Ine ndimafuna dzanja la amayi." Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Katatu, amayi aakulu. Ndinanena katatu."

Ndinamata chikuto iye ali chiimire pambali panga. Bukulo litakhala pansi pa chitsulo chopsinjira theka la ola, analitenga n'kutuluka osatsanzika.

Ndinamva kwa mnzake kuti aphunzitsi analilandira, n'kuliika pa chionetsero pamodzi ndi ena. Zimenezo sizinandichepetsere kalikonse. Kunyumba sanabwere, anakhala kwa mnzakeyo, ndipo foni yanga sankayankha. Lachinayi a Mpeni anadula monga mwa masiku onse, koma ndinaona chachilendo. Buku lililonse la kumanzere ankalitsegula kaye, n'kuyang'ana mkati, n'kukuwira kutsogolo kuti, "A digiri, ili ndidule?" Pa nthawi ya tiyi anabwereza kusesa pansi pa makina.

Lachisanu m'mawa anamasula mpeni kuti anole. Ndinamva masipanala akulira, kenako zii. Anabwera pa tebulo langa atanyamula kabokosi ka magalasi awo ndi manja awiri, n'kukatsegula pamaso panga. Mkati munali kachidutswa kakhaki, kopindika, kali ndi girisi pang'ono kumapeto. Kanali katakanirira pakati pa mpeni ndi chopanira.

"Pali 23 apa," anatero. "N'chiyani?"

"Chifuwa cha mwanayo. Mainchesi."

Anaika kabokosiko pansi. Anapinda manja awo, zala khumi zija, n'kupanga kabwalo koyerekeza kukula kwa chifuwa chimenecho. Anakayang'ana nthawi yaitali. Munthu amene analera ana aakazi atatu sasowa kuuzidwa kuti kamwana ka chifuwa chotere kamakhala kotani pa tsiku loyamba la sukulu. Kenako anavula epuloni, mpeni uli chigonere pa benchi wosanoledwa.

"Mundiperekeze. Kukolejiko khomo sindikulidziwa."

Zaka zonsezi akudulira ana a pamenepo, iwo anali asanapondepo. Tinapeza holo yaikulu, mabuku ali pa matebulo okutidwa nsalu. Lozungulira lija linalipo, la bowo linalipo, la chubu cha njinga linkamveka fungo tili pakhomo. A Mpeni anadutsa onsewo osanena za ngodya zinayi. Mwanayo anali ataima pafupi ndi lake kumapeto kwa holo. Atationa nkhope inauma.

A Mpeni sanapereke moni. Anapukuta manja pa thalauza, anatsegula bukulo pa tsamba lomaliza n'kuligoneka bwino. Anatulutsa kachidutswa kaja, anakatambasula, n'kukakankhira pa mpata ndi nsonga ya chala. Zilembo zinakumana. Anawerama, milomo inagwedera kaye, n'kuwerenga mokweza.

"Yunifolomu ya mwana wanga. Chifuwa 23. Ndasiyako malo, akula msanga ameneyu."

Mwanayo anaika dzanja pakamwa. Misozi imene sinatuluke Lachitatu inatuluka pamenepo, anthu akudutsa kumbuyo kwathu. A Mpeni sanachotse chala pa kachidutswako, ngati kangathawenso. Patapita nthawi mwanayo anapukuta m'maso ndi mkono wa bulauzi, ndipo osandiyang'ana anafunsa.

"Amayi aakulu, guluu mwabwera naye?"

Ndinali naye m'chikwama, pamodzi ndi kapepala kopyapyala kaja.